Elements of AI: ndemanga yanga nditamaliza kosi yaulere imeneyi

Kosi ya pa intaneti ya Elements of AI, yofotokoza za AI (luso la makompyuta logwira ntchito zimene zimafuna nzeru za munthu), ndinaimaliza, satifiketi ndinalandira, ndipo ndikuilimbikitsa kwa aliyense amene wapitirira zaka 40 koma akuona kuti ntchito imene yakhala ikumudyetsa yayamba kuuma. Ndinene msanga kuti kosiyi sikupezerani ntchito. Chimene inandichitira ine n'kunditsegula maso kuti ndione mbali ya ntchito yanga imene makina atenga kale, ndi mbali imene sakuikwanitsa. Zimenezo zandithandiza kuposa satifiketiyo.

Ndili ndi kashopu ku Limbe kotayipa makalata ndi ma CV, kusindikiza ndi kupanga fotokope. Ndalama yeniyeni inkabwera pa kulembera anthu makalata. ChatGPT, pulogalamu ya AI imene imalemba zimene mwaiuza, itatuluka mu Novembala 2022, pang'onopang'ono achinyamata anayamba kubwera kalata yofunsira ntchito ali nayo kale m'foni, akungofuna kusindikiza. Aliyense amene anachitapo bizinesi imeneyi akudziwa kuti pa pepala limodzi, mukachotsa mtengo wa inki ndi wa pepalalo, simutsala kanthu. Ndinkachiopa chinthuchi, komanso ndinkadana nacho, chonsecho sindinkadziwa kuti n'chiyani. Mwana wa achemwali anga amene ali ku koleji ndi amene ananditumizira linki ya kosiyi pa WhatsApp n'kunena kuti, "Mayi aang'ono, tayesani iyi, salipiritsa."

Kosiyi inakonzedwa ndi yunivesite ya Helsinki ku Finland mogwirizana ndi kampani ya Reaktor, ndipo inatsegulidwa mu 2018. Mmodzi mwa amene anaitsogolera ndi Pulofesa Teemu Roos. Cholinga chawo poyamba chinali chakuti munthu mmodzi pa anthu 100 alionse a m'dziko lawo, kutanthauza anthu pafupifupi 55,000, adziwe maziko a AI. Sanailembere akatswiri a kompyuta ayi, anailembera anthu wamba, ndipo zimenezi zimaoneka mukangoyamba kuwerenga. Gawo loyamba lili ndi mitu 6, ndipo silifuna kuti mudziwe kulemba mapulogalamu.

Chimene chinandikomera koyamba n'chakuti kosiyi ndi yowerenga. Makosi ambiri a pa intaneti ndi a mavidiyo, ndipo tonse tikudziwa mmene vidiyo imamezera bandulo. Iyi ndi mawu ndi zithunzi zojambula, moti bandulo yaing'ono imakufikitsani kutali. Ndinkawerenga pafoni makasitomala akadukiza, ngakhale magetsi atazima, bola foni ikhale ndi moto. Mumalembetsa ndi imelo, ndipo mukasiya lero, mawa mumapitiriza pamene munalekezera. Palibe wokuthamangitsani.

Mutu woyamba ndi umene unandichotsa mantha. Muli nkhani ya mayeso amene Alan Turing, katswiri wa masamu wa ku Britain, anaganiza mu 1950, oti ngati munthu akucheza ndi makina polemberana n'kulephera kuzindikira kuti ndi makina, tinganene kuti makinawo ali ndi nzeru. Kenaka muli yankho la John Searle, katswiri wa filosofi wa ku America. Iye anati tiyerekeze munthu wosadziwa Chitchaina watsekeredwa m'chipinda ali ndi buku lalikulu la malangizo. Akalandira kapepala ka Chitchaina amayang'ana m'bukumo n'kukopera yankho loyenera. Amene ali panja angaganize kuti mkatimo muli katswiri wa chilankhulocho, pamene mwiniwakeyo sakumva ngakhale liwu limodzi. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira makalata amene anyamata aja amabwera nawo: Chingerezi chosalala bwino, koma kalata ya wofunsira ulonda ndi ya wofunsira ukalaliki zikumveka chimodzimodzi, ndipo nthawi zina muli luso limene mwini kalata alibe n'komwe.

Mutu wachitatu ndi umene unanditulutsa thukuta, ndipo ndi umene ndikuuyamikira kwambiri. Masamu ndinawasiya ku Fomu 4, ndiye kukumana ndi lamulo la Bayes, lowerengera mwayi woti chinthu n'choona mukapeza umboni watsopano, sikunali kocheza. Koma afotokoza ndi chitsanzo cha kuyeza khansa ya m'mawere, ndipo amanena okha kuti manambala ake ndi ongoyerekeza. Tinene kuti pa amayi 1,000, odwala ndi 50. Chipangizo choyezera chimagwira 40 mwa odwalawo. Koma mwa amayi 950 amene ali bwinobwino, chimanamizira 95 kuti akudwala. Ndiye kuti amene auzidwa kuti ali ndi matenda ndi 135, pamene odwala enieni pakati pawo ndi 40 okha. Ndinawerengera ndekha papepala kuti nditsimikize, chifukwa mtima unkakana. Chipangizo chimene chikuoneka chodalirika chingathe kulakwitsa kwa anthu ambiri chonchi, osati chifukwa chawonongeka, koma chifukwa cha mmene manambala amayendera. Kuyambira pamenepo, munthu akandiuza kuti "kompyuta yatero", ndimafunsa kaye kuti yatero potengera chiyani.

Mitu yotsatira ikufotokoza mmene makina amaphunzirira kuchokera ku zitsanzo. Njira ina imene afotokoza ndi yofanana ndi mwini golosale amene waona kuti ogula shuga nthawi zambiri amagulanso masamba a tiyi, ndiye kasitomala watsopano akagula shuga amamusonyeza tiyi. Makina amachita zomwezo, kungoti amaona makasitomala mamiliyoni. Mfundo yaikulu ndi yakuti makina amadziwa zokhazo zimene adyetsedwa. Ngati zitsanzo zili zokondera, nawonso amakondera. Ngati zitsanzo zili zochepa, amangophonyaphonya.

Apa ndi pamene ndinaona njira yanga. Zolembedwa za Chingerezi pa intaneti ndi zosawerengeka, koma za Chichewa ndi zochepa kwambiri. N'chifukwa chake Chichewa chimene makina amatulutsa nthawi zambiri chimamveka ngati Chingerezi chovala chitenje cha eni ake, mawu ali athu koma kayalidwe kake kachilendo, ulemu wosokonekera, mfumu kuitchula ngati mwana. Mabungwe, mipingo ndi magulu a alimi akufunabe zidziwitso, malipoti ndi makalata a Chichewa chomveka kumudzi. Lero ntchito yanga yambiri ndi imeneyo: kumasulira, komanso kukonza zimene anthu amasulira ndi makina asanazisindikize. Ndawonjezeranso kusunga mabuku a ndalama a magulu a banki mkhonde pa Excel. Makina ndimawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku poyala chiyambi cha lipoti kapena pondikumbutsa fomula, koma nambala iliyonse ndimaiona ndekha, ndipo maina a mamembala ndi ngongole zawo sindiika m'makinawo. Kusamala kumeneku ndinakutenga m'mutu womaliza, umene ukukamba za chinsinsi cha anthu ndi tsankho la makina. Ndalama sizinafike pamene ndikufuna, koma shopu sinatsekedwe, ndipo makasitomala a mabuku amabwera mwezi ndi mwezi.

Pali zina zoti mudziwiretu. Kosiyi inamasuliridwa m'zilankhulo zambiri za ku Ulaya, koma ife timawerenga ya Chingerezi. Amene anafika MSCE akhoza kutsatira, ngakhale mawu ena amafuna dikishonale pafupi. Zitsanzo zambiri ndi za moyo wa kwawoko, monga magalimoto oyenda okha, ndiye muyenera kumadzifunsa nokha kuti kwathu kuno zikugwirizana ndi chiyani. Komanso cholinga chake si kukuphunzitsani kudina ChatGPT kapena kulemba CV ndi makina. Amene akufuna zimenezo apeza mavidiyo ambirimbiri pa YouTube. Iyi ikufotokoza zimene zikuchitika kuseri.

Mafunso ena ndi osankha yankho, ena ndi olemba ndime yanu, imene ophunzira anzanu amaiwerenga n'kuipatsa malikisi, inunso mumawerenga za ena. Poyamba ndinkachita manyazi ndi Chingerezi changa, koma nditaona mayankho a anthu a m'mayiko ena ndinapeza kuti ambiri akulimbana ndi chilankhulocho ngati ine ndemwe, ndipo chimene chimaonedwa ndi mfundo.

Kwa atsikana anzanga a ntchito ya ulembi, makalaliki, aphunzitsi, ngakhale abambo amene apuma pantchito koma mphamvu akadali nazo: musadumphe mutu wachitatu ngakhale utakuvutani. Khalani ndi kope ndi cholembera, muwerengere chitsanzo chilichonse ndi dzanja lanu. Ngati n'kotheka pezani mnzanu woti muzifunsana naye, ine ndinkakambirana ndi mayi wina wogulitsa mabuku a sukulu pafupi ndi shopu yanga, ndipo nayenso anamaliza. Pali gawo lachiwiri lotchedwa Building AI, limene limalowa mozama ndipo mbali zina zimakhudza chilankhulo cha mapulogalamu cha Python. Limenelo sindinaliyambe, ndikufuna ndiyambe ndakhazikika bwino pa Excel.