Mavidiyo ophunzirira synovial joint: aulere, olipira, ndi bondo la mbuzi

Chitsegulireni sukulu, a chaka choyamba atatu andiimitsa kale panjira ndi funso limodzimodzi: "Achemwali, ma joint munaphunzirira pati? Tilipire pulogalamu ija ya 3D kapena YouTube ndi yokwanira?" Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndilembe kamodzi. Ndinene poyambirira kuti ndikondera. Pulogalamu ina inandidyera ndalama za achimwene anga, ndipo mpaka lero ndikamva dzina lake mtima umawira.

Za mitundu isanu ndi umodzi ya synovial joint, mfundo za mafupa zokhala ndi madzi oterera mkati, sinditaya nazo nthawi, vidiyo iliyonse ili nazo. Chigongono ndi hinge, pakati pa atlas ndi axis, mafupa awiri oyamba a khosi, pali pivot imene timapukusira mutu pokana, patsinde pa chala chachikulu pali saddle, polumikizira dzanja ndi mkono pali condyloid, timafupa ta carpal timatsetsereka pa plane, phewa ndi chiuno ndi ball and socket. Izi mukhoza kuziloweza muli mu minibasi. Mafunso opatsa thukuta sachokera pamenepa.

Muyeso wanga ndi umodzi basi: vidiyoyo ikutha kukuonetsani pamene mphako ya joint yayambira ndi pamene yathera? Capsule, thumba lokuta joint yonse, ili ndi zigawo ziwiri, kunja kuli chikopa cholimba cha fibrous, mkati muli synovial membrane yopyapyala imene imapanga madzi oterera aja. Membrane imeneyi imakuta zamkati koma pa cartilage, chikuto chosalala cha kumapeto kwa mafupa, siipondapo. Kumva zimenezi n'kosavuta. Kuziona m'maganizo pa bondo lenileni ndi nkhani ina, chifukwa m'bondo membrane imapindika modabwitsa. Imachokera kumbuyo n'kukulunga ma cruciate ligament, zingwe ziwiri zopingasana zomanga mafupa pakati pa bondo, kutsogolo ndi m'mbali, motero ziwirizi, ACL (yakutsogolo) ndi PCL (yakumbuyo), zili mkati mwa capsule koma kunja kwa mphako ya madzi. Kumtunda nako mphako siithera pa patella, kafupa kakutsogolo kwa bondo, imakwera pansi pa quadriceps, minofu yakutsogolo kwa ntchafu, ngati kathumba kotchedwa suprapatellar bursa. N'chifukwa chake bondo likadzaza madzi limatupa pamwamba pa patella, ndipo bala la chikwanje lomwe likuoneka ngati lili pantchafu likhoza kukhala kuti lalowa mu joint. Vidiyo yosakuonetsani izi yakunamizani, kaya ikhale yokongola bwanji.

Tiyambe ndi yolipira ija. Dzina sinditchula, koma amene mwaionapo mwaizindikira kale: chigoba cha munthu chozungulira ndi chala, minofu yofiira psuu, mitsempha yachikasu, ndi timavidiyo ta mphindi zochepa pambali. Inati masiku asanu ndi awiri oyamba ndi aulere, kungoti ikani kaye nambala ya khadi la banki. Ine khadi lolipirira kunja ndinalibe. Ndinapempha achimwene anga, ndinalumbira kuti sipachotsedwa ngakhale tambala, ndipo anandiwerengera manambala pafoni akung'ung'udza.

Chimene sindinaone n'chakuti pansi pa tsambalo panali kabokosi kochongedwa kale, kosankha kulipira chaka chonse osati mwezi umodzi. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinafunafuna posiyira mkati mwa pulogalamuyo, osapapeza. Ndinangoichotsa mufoni n'kumati nkhani yatha. Kumene posiyira pake panali pa webusaiti, kuseri kwa masamba atatu. Apa munali mu November 2023, mwezi umene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kapena kuposerapo pang'ono n'kufika pa K1,700. Mtengo umene ndinawerengera polembetsa unali wa kwacha yakale. Umene unachotsedwa unali wa kwacha yatsopano, kuchulukitsa ndi miyezi khumi ndi iwiri.

Foni inalira tambala asanalire kachiwiri. "Iwe, uthenga wabwera kuchokera kubankiwu ukutanthauza chiyani?" Ndalamazo anasungira feteleza, mvula yoyamba ili pafupi. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangoti, "Chabwino, uphunzire ndithu," n'kudula. Ndinalemba makalata atatu opempha kuti abweze ndalama. Awiri anayankhidwa ndi makina, lachitatu anandilozera ku ndime ya malamulo awo imene ndinavomereza osawerenga.

Ndiye ndinati poti ndalama zapita, ndiikame mpaka itauma. Apa m'pamene ndinapeza msampha wachiwiri. Mavidiyo ofotokoza kuvulala kwa bondo ndi kayezedwe kake anali ndi kaloko, ofuna malipiro ena apamwamba. Kudawuniloda kuti uonere popanda intaneti nakonso kunali kwa olipira apamwamba omwewo, kutanthauza kuti kuwonjezera pa madola aja ndinkagulanso bandulo sabata iliyonse kuti chigobacho chizungulire. Netiweki ikafooka chimaima m'malere, femur (fupa la ntchafu) ili apo, tibia (fupa lalikulu la kunsi kwa bondo) isanabwere.

Koma chimene chinandipweteka kwambiri si ndalama. Pa pulogalamuyo capsule ndi batani: ukadina yaoneka, ukadinanso yasowa. Synovial membrane anaijambula ngati chibaluni chabuluu, ndipo ma cruciate amaoneka ngati akusambira mkati mwake. Ndinaliona bondo limenelo maulendo osawerengeka mpaka linakhazikika m'mutu. Pa mayeso a pakamwa anandifunsa ubale wa ACL ndi mphako ya synovial, ine molimba mtima n'kuyankha kuti imakhala yoviikidwa m'madzi a joint. Aphunzitsi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Mayi, mwaloweza chithunzi. Bondo simunalione." Sananame.

Kuti ndisaiphe yonse: powerenga mayina a mafupa ndi pomwe minofu yagwira, inandithandiza. Koma zimenezo buku la mulaibulale limachitanso.

Tsopano zaulere za pa YouTube. Crash Course ili ndi gawo la ma joint, nambala 20 pa mndandanda wa Anatomy and Physiology, ndipo Hank Green amayankhula ngati basi ikumusiya. Muionere kamodzi kuti mudziwe kumene mukulowera, osati kukhozera mayeso. AnatomyZone ndi 3D yomweyo imene ine ndinalipira, koma yaulere, yaifupi ndi yofatsa, ndipo ndikanaidziwa kale feteleza akanagulidwa. Ninja Nerd ya Zach Murphy ndimailemekeza pa physiology, munthu uja safupikitsa kanthu, kungoti maphunziro ambiri amapitirira ola ndipo zolemba za pabolodi zimafuna chithunzi chowala, choncho muziionera pa Wi-Fi ya kusukulu. Armando Hasudungan amajambula ndi cholembera inu mukuona, mzere umodzi kenako wina, ndipo kwa amene mukufuna kumvetsa kusiyana kwa nyamakazi ya rheumatoid, imene imayambira mu synovial membrane, ndi osteoarthritis, imene imadya cartilage, zojambula zake zimalowa m'mutu bwino. Mutenge pepala muzijambula naye limodzi.

Amene ndimamukonda, ndipo sindibisa, ndi Sam Webster wa ku Swansea University ku Wales. Palibe zokometsera. Amaima mu labu atagwira bondo lapulasitiki, amalitembenuza, amaloza ndi chala, akaona kuti sizikumveka amapinda thupi lake lomwe kuti muone. Nthawi zina amasochera pang'ono n'kubwerera, ngati mphunzitsi weniweni. Ubwino wake waukulu kwa ife ndi woti chinthu chimene wagwira n'chachikulu, ndiye ngakhale mutatsitsa vidiyo pa 360p kuti musunge bandulo, zonse zimaonekabe. Ndipo poti chili m'manja mwa munthu, maso amadziwa okha kukula kwake, kutsogolo ndi kumbuyo, zomwe chigoba choyandama pa sikirini sichikuuzani. Nditayamba kumuonera m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake bondo si hinge wamba: pomaliza kuwongoka limapotoka pang'ono n'kudzikhoma, ndiye titha kuima nthawi yaitali pamzere osatopetsa minofu, ndipo kuti lipindenso kamnofu ka popliteus kamayamba kalimasula. Chingerezi chake ndi cha ku Britain, masiku oyamba ndinkayatsa mawu olembedwa pansi. Pulasitiki nayo ili ndi polekezera, ilibe madzi, ilibe membrane yeniyeni.

Ngati pali yoyenera kulipiridwa, ndi Acland's Video Atlas of Human Anatomy. Robert Acland anali dokotala wa maopaleshoni wochokera ku Britain amene ankagwira ntchito ku University of Louisville ku Kentucky, ndipo anamwalira mu 2016. Anajambula ziwalo zenizeni za anthu zosaumikidwa ndi mankhwala, zili ndi mtundu wake wachilengedwe, zikuzungulira pamalo akuda bii. Joint amaipinda inu mukuona ligament ikukungika n'kumasuka. Ntchitoyi inayamba m'zaka za m'ma 1990 pa matepi, ndiye musayembekezere kuwala kwa mafilimu a masiku ano. Ine ndinaionera masiku awiri okha pa laputopu ya mnzanga amene sukulu yake inalembetsa, ndipo masiku awiriwo anaposa chaka changa chonse cha madola. Musanatulutse ndalama zanu, kafunseni kaye kulaibulale ngati sukulu ili nayo.

Pali vuto lina limene palibe vidiyo ingakuthetsereni, la chilankhulo chathu. Kwathu ligament, tendon, nerve ndi vein zonse timangoti mitsempha. Gogo akati "mitsempha ya bondo ikukoka," simungadziwe kuti akunena iti mpaka mutagwira. Komanso bondo limanama. John Hilton, dokotala wa ku London, anaphunzitsa m'zaka za m'ma 1860 kuti nerve yopita ku joint imapitanso ku minofu yoyendetsa joint imeneyo ndi khungu la pamwamba pake. Ma nerve a obturator ndi femoral amatumikira chiuno ndi bondo pamodzi, motero ululu wa m'chiuno ukhoza kumveka m'bondo, ndiye mwana wotsimphina akamalozera bondo, muyezenso chiuno.

Tsopano chimene chinawina zonsezi. Nditalakwa funso lija, mnzanga wina wa chaka chachitatu anandiuza kuti ndipite kumsika Loweruka m'mawa, kwa ogulitsa nyama ya mbuzi. Ndinapempha bondo la mwendo wakumbuyo losadula pa mfundo. Bamboyo anandipatsa la mwendo wakutsogolo, limene mbuzi imagwadira. Ndinakana. Limenelo aliyense amalitcha bondo, koma kwenikweni ndi carpus, lofanana ndi polumikizira dzanja lathu. Bondo lenileni la mbuzi lili kumtunda kwa mwendo wakumbuyo, pafupi ndi mimba, pobisika ndi mnofu. "Achemwali, ndiye mukufuna ndiwononge ntchafu yonse?" Tinagwirizana kuti ndigula ndi mnofu wake womwe, ndipo anadula fupa kutali ndi mfundo mbali zonse ziwiri, akupukusa mutu.

Tinaliika pa thireyi, atatu, ndi lezala latsopano, magolovesi ndi vidiyo ya Webster pafoni itatsamira ku botolo. Titaboola capsule pambali pa patella panatuluka timadzi tochepa kwambiri, tosadzaza ngakhale kasupuni. Ndinatitenga pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, n'kutambasula, ndipo tinananda ngati therere. Ndi hyaluronic acid imene imachititsa zimenezo. Dzina la timadziti loti synovia analiyambitsa ndi Paracelsus, dokotala wa ku Switzerland, m'zaka za m'ma 1500, ndipo ambiri amaligwirizanitsa ndi choyera cha dzira, koma ine kuyambira tsiku limenelo ndimangoona therere. Cartilage inali yoyera mobiriwira pang'ono, yosalala kuposa mbale yadothi yatsopano, yopanda kadontho ka magazi. Ilibe mitsempha ya magazi, imadya kuchokera m'timadzi tomweto ikamapanikizidwa n'kumasuka, ngati siponji. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake a physiotherapy salola kuti joint ingokhala osayenda nthawi yaitali, komanso chifukwa chake cartilage ikawonongeka imavuta kupola.

Titapinda bondolo, ma cruciate anaoneka pakati, opingasana, ndipo pamwamba pawo panali kachikopa konyezimira kopyapyala. Ndinakanyamula ndi nsonga ya lezala. Kanali komweko kamene ndinakana kuti kalipo pamaso pa aphunzitsi. Tinakoka tibia kutsogolo, ACL inakungika ndipo fupa linakana kuyenda. Tinaidula, tinakokanso, tibia inangotuluka ngati dirowa ya tebulo. Anterior drawer test, kayezedwe ka ACL pokoka tibia chonchi, sindinaiwerengenso m'buku chichokereni pamenepo. Ma meniscus awiri, timakushoni ta pakati pa femur ndi tibia, anali pamalo pake, okhuthala kunja, opyapyala mkati, ndipo tinkawaona akusuntha pang'ono bondo likamapinda.

Chenjezo lokha n'lakuti mbuzi si munthu. Fibula yake, fupa laling'ono la pambali pa tibia, ndi kachidutswa chabe, ndipo pali tendon ya long digital extensor imene imayambira pa femur n'kudutsa pa joint kutsogolo chakunja. Mwa munthu mulibe yoteroyo, musakailembe pa mayeso. Mupite mutaonera kale vidiyo ya bondo la munthu kuti mudziwe chimene mukufunafuna, apo ayi mungosenda nyama.

Ndiye kwa amene munandifunsa: Webster kawiri pa joint iliyonse, Hasudungan mukafika pa matenda, Acland ngati laibulale ili nayo, ndipo khadi la munthu wina musaliike paliponse pamene palembedwa kuti "free trial". Mnofu wotsala tinaphika madzulo omwewo n'kudyera nsima. Sabata yotsatira bambo uja atandiona anakuwa, "Adokotala, lero phewa?" Ndinagula nyama wamba basi. Mbuzi ilibe clavicle, fupa lolumikiza phewa ndi chifuwa, ndiye pa ma joint ake awiri, acromioclavicular ndi sternoclavicular, singandithandize. Za phewa ndinabwerera kwa Webster ndi pulasitiki yake.