Ulendo wa ku Mchinji: ndege kapena basi

Abale anga ku Mchinji, pakagwa zovuta kumudzi mumandifunsa kuti bwanji osangokwera ndege, poti munamva kuti ndi ola limodzi basi. Munamva zoona. Kuchokera pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda kuno ku Lusaka kukatera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi ndi makilomita pafupifupi 600. Ndege ikakwera bwino akupatsa chakumwa, usanamalize n'komwe wamva kale kuti mangani malamba, tikutsika. Ndi ola limodzi ndi mphindi zingapo, ndipo wotchi suyikhudza chifukwa nthawi ya Zambia ndi ya Malawi ndi imodzi.

Koma ine ndimakhala ku Chawama, pomwe bwalo lili kutsidya lina la mzinda, makilomita oposa 20 kuchokera pakati pa tawuni. Ndiyenera kudutsa m'tawuni momwe magalimoto amathithikana, kenako kutsata Great East Road, n'kukafika kudakali maola awiri kuti aone pasipoti ndi kuyeza katundu. Ndege za njira imeneyi sizinyamuka pafupipafupi ngati minibasi, ndipo masiku ena zimayamba zadutsira ku Harare.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ndege imakupitirira kwanu. Ukatera ku Lumbadzi uli kumpoto kwa Lilongwe. Ulowe kaye m'tawuni, udikire minibasi idzaze, ndiye uyambe ulendo wa makilomita oposa 100 wobwerera kumadzulo, kulunjika ku Zambia komwe wachokera kuja.

N'chifukwa chake ndimakwera basi pa Intercity kusanache. Dzuwa limatipeza cha ku Chongwe. Tikamatsetsereka mapiri kupita pa mlatho wa Luangwa makutu amatseka, ndipo basi ikaima pamsika paja fungo la nsomba zouma limalowera pa mawindo, amayi atakweza madengu m'mwamba kuti musankhe muli pampando. Pamenepo ndimagula ndiwo za pamaliro. Nthochi ndimagula ku Nyimba. Kenako Petauke, Katete, Chipata, makilomita pafupifupi 570 atha, miyendo itatupa. Kuyambira 2022 pa malire a Mwami ndi Mchinji zonse zimachitikira pamalo amodzi, sitimayendanso maofesi awiri otalikirana. Kukamada ndimakhala ndili pakhomo.

Kwa amene kwawo ndi ku Dowa kapena ku Lilongwe konko, ndege ndi yabwino, sindingawaletse. Kwa ife a kumalire, ndalama ya tikiti ija ndi bwino ikathandize pa bokosi, ufa ndi shuga wa anthu ogona pa siwa.

Ndiye amalume, pempho langa ndi ili. Wina akadwalika, musadikire kuti kuche kapena kuti akuluakulu ayambe akumana. Imbani foni usiku womwewo, ngakhale pakati pa usiku, kuti ndipeze mpando pa basi ya m'mamawa.