Gyro ya m'risiva, yoima payokha kapena flight controller: funsani kaye ngati imazimitsika ndege ili m'mwamba

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi: ndigule gyro iti, kachipangizo kothandiza kuti ndege yaing'ono youlutsa ndi rimoti isamagwedezeke m'mwamba? Wachitatuyo anandipeza ndikumata phiko, zala zili guluu yekhayekha, ndiye ndinamulonjeza kuti ndilemba kamodzi kuti aliyense adziwerengere yekha. Za kulemera kwa kabokosi ndi kukula kwake sindinenapo kanthu, zimenezo zili kale papaketi.

Ndiyambe ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Gyro payokha sidziwa kuti pansi n'kuti, kumwamba n'kuti. Imangomva kuti ndege yayamba kupendekeka komanso kuti ikupendekeka mwachangu bwanji, kenako imakankha servo, kamota kosuntha tizigawo towongolera ndege, kuti ikanize. Mphepo ikakankha phiko limodzi, iyo yabweza kale inu musanaone n'komwe. Imeneyo ndiyo amalemba kuti 3-axis. Kuti ndege idziwongole yokha mukasiya masitiki, pamafunikanso accelerometer yoiuza kumene kuli pansi, ndipo apo amalemba 6-axis. Kwa Spektrum, opanga marimoti ndi marisiva, AS3X ndi mtundu woyambawo, SAFE ndi wachiwiriwo. Mukagula woyamba mukuyembekezera ntchito ya wachiwiri, mudzatukwana kampani yosalakwa.

Tsopano chomwe chinandiluma ine. Ndege yanga yachitatu inali ya fomu, mapiko ake mamita 1.2, ndipo ndinaigulira gyro yotchipa yomwe dzina lake sinditchula. Siili m'gulu la zomwe ndikuyerekeza panozi. Pamalonda ake analemba kuti gain, ndiko kunena mphamvu yomwe gyro imabwezera, mutha kuisintha muli pa rimoti. Itafika ndinangopeza timagudumu titatu ting'onoting'ono topotokola ndi sikuludiraiva. Waya wa gain unalipo ndithu, koma kuti ugwire ntchito panafunika kakhadi kosinthira zam'kati, kogulitsidwa padera pamtengo wofika pafupifupi theka la gyroyo. Za kakhadiko pamalonda paja anangoti zii. Ndinapsa mtima n'kukana kukagula. Timagudumu tonse titatu ndinatiika pakatikati, poganiza kuti pakati sipalakwika.

Inanyamuka bwinobwino. Inkakhota mofatsa ngati ikuyenda panjanji, mpaka ndinayamba kudzitama mumtima. Kenako ndinaiweramitsa mphuno kuti idutse pafupi ikuthamanga, ndipo mapiko anayamba njenjenje, uku ndi uku, mofulumira kuposa mmene maso angatsatire. Chala changa chinathamangira switchi yozimitsira gyro. Switchiyo panalibe. Ndinatseka mota, koma ndege yoweramira pansi sisiya kuthamanga chifukwa choti mota yazima. Mano a pulasitiki a servo ya aileron (kachigawo ka phiko kopendeketsa ndege) yakumanzere anagweluka, aileron inakakamira m'mwamba, ndipo ndege inapota ngati nguli mpaka pansi, phi! Sizinatenge n'komwe masekondi asanu.

Chinachitika n'chiyani? Mphamvu ya mpweya pa aileron imakula mofulumira kuposa liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Gain yomwe inali yabwino ndege ikuyenda pang'onopang'ono imasanduka yopyola muyeso ikathamanga: gyro imabweza mopitirira, kenako n'kubwezanso chomwe yabweza kale, osatha. Palibe munthu angadziwe malire amenewa ndege ili patebulo. Amadziwika m'mwamba, mukukweza gain pang'onopang'ono mpaka phiko litayamba kunjenjemera pa liwiro lalikulu, kenako n'kubwererako pang'ono. Gyro yosakulolani kuchita zimenezi ikufuna muziombeza. Ndikuvomera, mbali ina ya mlanduwu ndi yanga, ndinayenera kuyamba ndi gain yotsika kwambiri. Koma kuyambira tsiku limenelo gyro iliyonse ndimaifunsa zinthu ziwiri: kodi ndingakuzimitse ndege ili m'mwamba, nanga gain yako ndingaisinthe ndi chala osatera? Zina zonse zimabwera pambuyo.

Tsopano tiyerekeze, kuyambira ndi gyro za m'risiva, kabokosi ka m'ndege kolandira malamulo a rimoti. Spektrum ili ndi ubwino umodzi waukulu. Ndege za E-flite ndi HobbyZone zomwe zimabwera risiva ili kale m'kati, gain yake a Horizon Hobby, eni ake a mayina onsewa, anaikonzeratu molingana ndi ndege imeneyoyo. Ntchito yomwe inandigwetsera ndege ine, winawake anaigwira kale m'malo mwanu. SAFE, yomwe inatchuka ndi ndege yophunzirira ya Apprentice S kuyambira 2013, imaika malire a mmene ndege ingapendekekere mukaika pa Beginner, ndipo pali batani la Panic lomwe limaiwongola mukasokonezeka mutu. Kwa munthu wophunzira yekha, wopanda wodziwa woima pambali pake, sindikuona chomposa. Mtengo wobisika uli pa rimoti. Marisiva amenewa amalankhula DSMX, chinenero cha Spektrum, ndipo kuti mukonze risiva ya AR631 kapena AR637T m'ndege yomwe mwamanga nokha pamafunika Forward Programming, njira yokonzera risiva muli pa rimoti, yomwe imayenda bwino pa rimoti za Spektrum zomwe. Ilipo njira yodzera pa EdgeTX, pulogalamu yoyendetsa marimoti ena, ndi module yolankhula zinenero zambiri, koma ndi njira yam'mbali. Mukalowa m'banja limeneli, dziwani kuti marisiva ambiri amtsogolo mudzawagula komweko. Marisiva awiriwa amayankha bwino mafunso anga awiri aja, chifukwa gain mutha kuipatsa tchanelo chakechake. Msampha umodzi wokha: AS3X sidzuka mpaka mutakweza mota kupitirira 25 peresenti kamodzi, choncho ena amaiyesa patebulo, n'kuona ili phee, n'kuganiza kuti yafa.

FrSky ndiyo ndili nayo, ndipo ndinene poyera kuti ndimaikondera. Pa marisiva ngati S6R ndi S8R, gain ili pa tchanelo 9, kusankha kaulukidwe kuli pa 10 ndi 11, ndipo matchanelo amenewa sadya malo olumikizapo ma servo. Ndimaika gain pa kagudumu ka m'mbali mwa rimoti, ndipo ndikakatsitsa mpaka kumapeto gyro imasiyiratu kulowerera. Mmene ndinaona zimenezi koyamba mtima wanga unakhala pansi. Koma sindingakunamizeni kuti kuikonza n'kophweka. Mumadzera m'kapulogalamu ka Lua pa OpenTX kapena EdgeTX, mumaigoneka risiva mbali zake zonse zisanu ndi imodzi kuti idziwe kumene kuli pansi, kenako pali kudziyesa kwa pa tchanelo 12, komwe ambiri amakuchotsa pa switchi akamaliza kuopa kukugunda mwangozi. Musanagule, onetsetsaninso kuti risiva ndi rimoti zikumvana, chifukwa FrSky ili ndi zinenero zosiyana monga ACCST ndi ACCESS, komanso firmware ya ku Ulaya ya LBT ndi yosiyana ndi ya FCC. Munthu wosakonda kuwerenga malangizo asayambire pano.

Zoima pazokha, monga A3 Super ya HobbyEagle kapena Aura 8 ya Flex Innovations, zimakhala pakati pa risiva ndi ma servo. Ubwino wake ndi ufulu. Mukasintha mtundu wa rimoti chaka chamawa, gyro imatsalabe m'ndege ikugwira ntchito. Zabwinozi zimalola gain ndi kuzimitsa kuchokera pa rimoti, choncho si zonse zili ngati yanga ija, ngakhale kuti mpaka lero ndikaona kabokosi ka timagudumu ta sikuludiraiva thupi limandiwawa. Apa werengani matchanelo musanalipire. Risiva ya matchanelo 6 yokhala ndi ma aileron awiri osiyana, elevator ndi rudder za kumchira, komanso mota yatsala ndi tchanelo chimodzi chokha. Mukachipereka ku switchi yozimitsira, gain ilibenso pokhala. Yankho ndi waya umodzi wa SBUS womwe umanyamula matchanelo onse pamodzi, ngati risiva yanu ili nawo. Ndipo mufunse wogulitsa mwatchutchutchu ngati chosinthira zam'kati, kaya ndi kakhadi kaya ndi waya wa USB, chili m'bokosi momwemo. Aura imakonzedwa bwino pa kompyuta ya Windows, choncho mudziwiretu. Mawaya amachulukanso, ndipo polumikiza paliponse ndi pomwe pangadzamasuke tsiku lina.

Kwa a ndege zazikulu za jeti, iGyro ya PowerBox ikalumikizidwa ndi GPS imatsitsa gain yokha liwiro likakwera, lomwe ndi yankho lenileni la vuto langa lija, koma mtengo wake si wa ndege ya fomu.

Flight controller, kakompyuta koyendetsa ndege kokhala ndi pulogalamu ya INAV kapena ArduPilot, ndi nkhani ina. Mukaipatsa GPS imatha kubweza ndege yokha ikasiya kumva rimoti, ndipo ili ndi Manual yoti mugwire ndege ndi manja anu okha. Ngati mumaulutsa kutali mukuonera pa kamera, imeneyi ndiyo yanu. Ngati mukungofuna kuti mphepo isakuvutitseni potera, mudzathera mausiku pa kompyuta kukonza zinthu zomwe simudzazigwiritsa ntchito.

Pa kunjenjemera kwa mota zonse n'zofanana: pulopela yosalingana imasokoneza accelerometer, ndiye muilinganize ndipo gyro muimatire ndi tepi yofewa yomwe imabwera nayo. Zonse zimafuna ndege ikhale duu kwa masekondi angapo mukangolumikiza batire. Zonse zimagwiritsa ma servo ntchito yambiri, choncho BEC, yomwe imapatsa ma servo magetsi, ikakhala yofooka imaonekera msanga. Palibe ngakhale imodzi yomwe ingakonze ndege yolemera kumchira kapena kuletsa phiko kutaya mpweya liwiro likachepa kwambiri. Choipa n'chakuti imabisa zizindikiro mpaka ndege itangogwa mwadzidzidzi.

Chimodzi chokha musadumphe, kaya mwagula ya ndani. Gwirani ndege m'manja, gyro ili yodzuka. Kwezani phiko lakumanja mwachangu, aileron yakumanja ikwere. Kwezani mchira, elevator ikwere. Zikapita mosemphana, gyro idzathandiza mphepo kugwetsa ndege yanu m'malo moikana. Kuti masitiki akuyendetsa zonse molondola sikutanthauza kuti gyro nayo ikubweza molondola, zimenezi zimayesedwa padera.

Ndiye ndinawayankha bwanji atatu aja? Woyamba sanaulutsepo ndege chibadwire ndipo alibe rimoti, ndinamuuza atenge ndege ya SAFE, koma switchi ya Beginner asaikhalitse miyezi, chifukwa zala zimazolowera kukankha sitiki mpaka kumapeto, ndipo tsiku lomwe adzaizimitse ndege idzagudubuzika iye akudabwa. Wachiwiri ali ndi rimoti ziwiri za makampani osiyana, iye yoima payokha ndiyo yamuyenera, bola yokhala ndi SBUS. Wachitatu ali ndi EdgeTX ngati ine, ndiye mukudziwa kale komwe ndinamukokera. Atamva kuti gyro yanga yakale ija ikadali m'kabati pamodzi ndi servo yogweluka mano, anandipempha kuti ndimugulitse motchipa. Ndinamuuza kuti servoyo atha kutenga ulere.