Mabuku atatu akaunjika aja ndawamaliza, nayi ndemanga yanga

Ndinawalonjeza achimwene ogulitsa mabukuwa kuti ndikamaliza kuwerenga ndidzanena chilungamo, ndiye ndi ichi. Ndinaoda Robinson Crusoe, Silas Marner ndi Great Expectations, ndalama ndinatumiza pafoni Lolemba, Lachitatu kondakitala wa minibasi akundiimbira kuti ndikatenge katundu wanga pa steji ya Bembeke. Apo palibe chodandaula. Anakulunga bwino mu jumbo koma fungo la chinyezi ndiye eee, ndinachita kuwayanika padzuwa ngati ufa.

Chomwe ndinagulira ndi choti kuno ananditumiza chaka chatha, ndimakhala ndekha, ndipo kuzizira kwa ku Dedza mu June mukukudziwa, 6 koloko aliyense watseka chitseko. Ndimaganiza kuti amene andimvetse ndi Crusoe poti anakhala zaka 28 pachilumba. Ayi ndithu. Bambo uja nthawi yosungulumwa anali nayo yochepa, mmawa kumanga mpanda, kuweta mbuzi, kudzala barele, kulemba masiku pamtengo, mpaka kuphunzitsa chinkhwe kutchula dzina lake, ndipo tsiku lomwe anaona phazi la munthu pamchenga mmalo mosangalala anathamanga kukadzitsekera ndi mantha. Ndinaseka ndekha usiku kkkk. Defoe analemba bukuli mu 1719 koma Crusoe ali ngati mlimi wa kachewere wa kwathu kuno, maganizo onse ali pa zokolola.

Amene anandipweteka mtima ndi Silas Marner. Iyeyu sali pachilumba, ali pakati pa mudzi wa Raveloe, anthu amamuona tsiku ndi tsiku, amamupatsa ntchito yoluka nsalu, koma zaka 15 palibe amene amacheza naye. Kwawo ku Lantern Yard mnzake wapamtima William Dane anamunamizira kuti waba ndalama za mpingo, kenako n'kumulandanso chibwenzi, basi munthu n'kusamuka n'kutseka mtima. Kumudzi kwatsopanoko anthu amamuopa ngati ali ndi mankhwala, zomwe zija timanenera wobwera amene sapita kumaliro. Usiku ntchito yake kuwerenga ndalama zagolide. Chodabwitsa n'choti atamubera ndalamazo ndi pamene anthu anayamba kumuyandikira, mayi Dolly Winthrop kumubweretsera timakeke, kenako kamwana Eppie kulowa m'nyumba mwake usiku wolowera chaka chatsopano. Ndikuwerenga pamenepo ndinakumbukira kuti mayi oyandikana nane anandibweretserapo mbatata yootcha kawiri, ine kungolandirira pakhomo osawauza n'komwe kuti lowani. Manyazi anandigwira.

Miss Havisham wa mu Great Expectations yekha sindinamumvere chisoni kwenikweni, mundikhululukire. Mwamuna anamuthawa tsiku la ukwati, zowawa inde, koma kuimitsa mawotchi onse pa 8:40, kukhala ndi diresi la ukwati mpaka kukalamba, keke kuwolera patebulo, kenako kulera Estella kuti azizunza amuna? Kumeneko ndi kudzitsekera wekha n'kukokeramo mwana wa eni.

Ndipo vuto langa lili pa buku lomweli. Masamba 12 pakati kulibe, ong'ambidwa, penanso wina analembalemba ndi bolopeni yofiira mayankho a mayeso. Nditawauza achimwene anapepesa mwaulemu, akuti sanaone, koma mpaka lero lina lomwe analonjeza silinafike, patha milungu itatu. Chingerezi cha George Eliot, mlembi wa Silas Marner, nachonso ndi cholimba, poyamba ndinkawerenga ndi dikishonale pambali, ndiye amene mukugulira mwana wa Fomu 2 yambani ndi Crusoe.

Nyenyezi ndikupereka 4 pa 5, mtengo unali wabwino ndipo awiriwo ndi athunthu. Achimwene, chonde muziwerenga masamba musanatumize, ndipo mukapeza Frankenstein mundisungire. Silas Marner ali kwa mwana wa mayi a mbatata aja, anabwera kudzabwereka Loweruka ndipo ulendo uno ndinawapatsa mpando.