1176, LA-2A kapena ya SSL, ndalama zikakwana imodzi yokha mugule iti?

Funso ili landipeza kangapo mwezi uno kuchokera kwa anyamata a tima studio ta kunyumba, akuti atopa ndi ma plugin a pa kompyuta okhaokha akufuna kompresa (chida chotsitsa mawu akakwera kwambiri kuti azifanana msinkhu) yogwirika ndi manja koma ndalama ndi za imodzi basi. Ndiye ndiyankhe pano kamodzi aliyense aone.

Ndiyambe ndi 1176 chifukwa ndi imene ndimaigwira tsiku ndi tsiku. Anaipanga Bill Putnam ku America mu 1967, mkati mwake muli FET, mtundu wa transistor, ndipo nkhani yake yonse ndi liwiro. Attack, nthawi imene imatenga kuti igwire mawu, imayambira pa ma microsecond 20 kulekeza 800, ndiye kuti olo muike pochedwetsetsa sinakwanebe millisecond imodzi. Knob ya threshold, yosankhira msinkhu umene iyambire kugwira, palibe, mumangokweza Input mpaka singano iyambe kugwa kenako Output kubwezera mawu amene atsika, ratio, mphamvu imene ipanikizire mawu, ndi mabatani anayi, 4, 8, 12 ndi 20. Chimene chimasokoneza anthu koyamba nchoti attack ndi release (nthawi imene imatenga kuti isiye mawu) zimayenda chobwerera, 7 ndiye pothamanga, 1 ndi pochedwa. Ndinaonapo mnyamata wina atakhomera attack pa 7 akuganiza kuti waisiya ipume, snare yonse inangofa nkumamveka ngati munthu akumenya katoni yonyowa, tinabwezera pa 3 pompo ng'oma inadzuka.

Munthu wa rap kapena dancehall uja, pano akunong'ona pano wakuwa pano wachoka pa mic, 1176 imamugwira nkumukhazika kutsogolo kwa beat osasunthanso, ndipo imaonjezera ka ukali kenakake pa mawu kamene ine ndimakakonda kwambiri. Mukakanikiza mabatani onse anayi pamodzi imachita misala, mawu amang'ambika pang'ono, pa mic yojambula chipinda cha ma drum zimakoma heavy koma pa vocal ya nyimbo yofatsa musayese.

LA-2A ndi nyama ina. Iyi ndi ya Teletronix, ya Jim Lawrence, ya zaka za m'ma 1960, ya ma tube. Mkati muli kabokosi kotchedwa T4, momwe muli kachipepala kowala ndi kadiso koyang'ana kuwalako, mawu akakwera kuwala kumachuluka ndipo kadiso kaja kamatsitsa mawu. Palibe choti musete, ma knob ndi awiri okha, Peak Reduction ndi Gain, kuphatikiza ka switch ka Compress ndi Limit. Attack ili cha m'ma millisecond 10, koma chokoma chake ndi mmene imasiyira: theka loyamba imabweza msanga, theka lotsalalo imabweza pang'onopang'ono mpaka masekondi angapo kutengera kuti munaipanikiza bwanji. Ndiye taganizani mayi wa gospel wakoka note yaitali kumapeto kwa chorus, mawu akunjenjemera, singano yagwa mpaka 5 dB koma khutu silikumva kuti pali chimene chagwira, mawu angonenepa nkukhala ofunda. Pa bass guitar ya reggae chimodzimodzi, ma note onse amafanana msinkhu. Koma muipatse snare kapena rapper othamanga, nsonga zonse zimadutsa iyo isanadzuke.

Nchifukwa chake amene ali nazo zonse ziwiri amazilumikiza, 1176 patsogolo kudula nsonga 3 kapena 4 dB, LA-2A pambuyo kusalaza.

Vuto nlakuti ziwiri zonsezi ndi za mono. Ngati cholinga chanu ndi kumata mix yonse ndiye mukufuna ya stereo ya mtundu wa VCA (amplifier yotsitsa ndi kukweza mawu potengera voltage), ngati ija ya pa ma desk a SSL 4000. Ratio 2, 4 ndi 10, attack mpaka ma millisecond 30, release ili ndi Auto. Ine ndimaika ratio 2 kapena 4, attack 30, release Auto, singano izingogwedezeka 2 dB basi, mumangomva kick, bass ndi mawu zayamba kupumira pamodzi. Koma chenjerani ndi nyimbo za masiku ano za log drum ndi 808, bass ikamenya imakoka mix yonse pansi vocal nkumamira, ndiye musagule yopanda high pass pa sidechain, sefa yoletsa kompresa kumvera bass. Yoyambirira ija inalibe, zatsopano zambiri zili nayo.

dbx 160 ndisaiiwale, nayo ndi VCA, yotsikirapo mtengo, pa kick ndi bass imapatsa ka "thu" kabwino, koma pa vocal siifika pa ziwiri zija.

Za mastering, kusalaza komaliza kwa nyimbo yomalizidwa mix, ndinene mosabisa. Fairchild 670 ili ndi ma tube 20, imalemera pafupifupi makilo 30, yeniyeni yakale mtengo wake ndi wa nyumba. Manley Variable Mu ndi imene ma mastering engineer ambiri amafikira, imagwira mofatsa, 1 dB kapena 2, nyimbo nkukhala ndi thupi. Koma ngati chipinda chanu chikadali cha makoma a pulasitala osatchinga chilichonse, 1 dB imeneyo simuimva nkomwe, ndalamazo gulirani kaye zotchingira makoma ndi ma monitor abwino.

Pali zina zimene ogulitsa sakuuzani. Zinthu zochokera ku America zambiri zimabwera zitasetedwa pa 115V pomwe kwathu kuno ndi 230V, yang'anani kumbuyo musanalowetse pa soketi, ndipo stabilizer ndi yofunika chifukwa magetsi akabwera mwamphamvu pambuyo pozima transformer imapsa. Ma tube amatentha ndipo amatha, T4 nayo imakalamba, ndipo sizinthu zoti mungapeze mu shopu ya mtauni, nzoitanitsa kunja ndi forex yovutayi. Komanso hardware ilibe save. Kasitomala akabwera patatha sabata ziwiri kuti "tangokwezaniko mawu anga pang'ono", ngati simunajambule ma knob pa foni ndiye mwayambiranso, ndipo bounce iliyonse, kutulutsa nyimbo kukhala file imodzi, muyenera kudikira nyimbo iyimbe yonse mpaka kumapeto.

Ndiye ngati ndi imodzi yokha ine ndikuti tengani ya mtundu wa 1176, olo ikhale clone ngati WA76 ya Warm Audio kapena 76-KT ya Klark Teknik, ilibe ma tube oti muzidandaula nawo ndipo imagwira vocal, bass, gitala ndi snare zonse. Amene ntchito yanu yambiri ndi makwaya ndi oimba a gospel okoka mawu, inu pitani ku ma clone a LA-2A, WA-2A kapena KT-2A. Ya mtundu wa 1176 ija muiike pakati pa preamp ndi interface muzijambula nayo polowa, ratio 4, attack cha pa 3, release cha pa 5 mpaka 7, singano isapitirire 4 dB pamene woimba wakuwa kwambiri. Mix bus, pamene pamadutsa mix yonse, isiyireni plugin kaye mpaka ndalama ya SSL ipezeke.