Shockwave pa mtsempha wa kuchidendene: ndemanga yanga patatha miyezi itatu

Ndachita dala kudikira miyezi itatu ndisanalembe ndemangayi. Ndikanalemba nditangochoka ulendo wachitatu wa chithandizo cha shockwave, ndikanapereka nyenyezi imodzi yokha, chifukwa mwendo unali ukupwetekabe ngati kale. Lero ndikupereka zinayi mwa zisanu.

Vuto langa linali pa mtsempha waukulu wolumikiza katumba ndi chidendene, uja madokotala amautcha Achilles. Ndimakonda kuthamanga m'mawa, ndiye nthawi ina ndinawonjezera mtunda mofulumira kwambiri. Zinayamba ngati kuuma chabe. Ndikadzuka, ndinkatsimphina mpaka mwendo utatenthera, kenako n'kuiwala. Patapita nthawi panatuluka kachotupa kolimba pamwamba pang'ono pa chidendene, koti ukakatsina ndi zala ziwiri misozi imalengeza. Ndinapirira miyezi 14. Kupuma ndinapuma, nsapato ndinasintha, mankhwala opaka ndinapaka, koma ndikangoyambiranso kuthamanga ululu unkabwerera pomwepo.

Dokotala wa mafizo ndiye anandiuza za shockwave. Dzinali linandiopsa, ndinkaganiza kuti akandigwiritsa shoko ya magetsi, ndipo ndaona kuti ambiri amaganiza chomwecho. Si magetsi ayi. Makina amene anagwiritsa ntchito pa ine ndi a mtundu wa radial: mpweya wopanikizidwa umakankha kachitsulo m'kati mwa chida chogwira pamanja, kachitsuloko n'kumenya kumutu kwa chidacho, ndiye mphamvu ya kumenyako imalowa m'thupi ngati mafunde. Palinso mtundu wina wotchedwa focused, umene mphamvu yake imakasonkhana malo amodzi mkati kwambiri. Nditafunsa ngati sakungondiyeserapo zachilendo, anandifotokozera kuti njirayi inachokera ku makina ophwanya miyala ya mu impso, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito pa odwala mu 1980 ku Munich, ndipo bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linailola mu 2000 pochiza ululu wosatha wa pansi pa chidendene. Mtima unakhala m'malo.

Tsiku loyamba ndinagona chafufumimba, phazi likulendewera kumapeto kwa bedi. Anayenda ndi chala pamtsempha pang'onopang'ono mpaka pamene ndinadzidzimuka, n'kuikapo chizindikiro ndi cholembera. Anapaka jelo wozizira, n'kunena kuti, "Bambo, tiziwerenga ululu kuyambira 0 mpaka 10. Ukafika pa 7 mundiuze, musalimbe mtima ayi." Kenako makina anayamba: tha-tha-tha-tha, ngati munthu akukhoma msomali mothamanga kwambiri. Anawatchera kuti amenye ka 2,000, pafupifupi kakhumi pa sekondi, choncho zonse zinatha mphindi zisanu zisanakwane.

Kunena zoona, zimapweteka. Pamnofu wa katumba zimangomveka ngati kusisita kwamphamvu, koma chidacho chikafika pa kachotupa paja, kapena chikayandikira fupa, ululu wake umapyoza mpaka ndinagwira m'mphepete mwa bedi ndi manja onse awiri. Sabaya jakisoni wochititsa dzanzi, chifukwa ululuwo ndi umene umawalondolera pamalo penipeni. Chimene ndinayamikira n'choti anayamba ndi mphamvu yochepa n'kumakweza pang'onopang'ono, ndipo nditanena kuti "zafika pa 7", anatsitsa nthawi yomweyo osandinyengerera kuti ndipirire. Nditatsika pabedi mwendo unali wopepuka modabwitsa. Musanyengeke nazo zimenezo. Pofika madzulo khungu linali litafiira, ndipo m'mawa mwake ululu unabwerera mochita kuposa dzulo lake.

Apa ndi pamene nyenyezi yachisanu inatayika. Usiku umenewo ndinamwa diclofenac, monga ndinkachitira nthawi zonse. Palibe anandiuza kuti ndisamwe. Ndinadzamva pa ulendo wachiwiri kuti mankhwala oletsa kutupa, monga diclofenac ndi Brufen, amayenera kupewedwa pa nthawi ya chithandizochi, ndipo ngati ululu wavuta munthu amwe Panado. Chifukwa chake n'chomveka: mtsempha umene wavulala kwa nthawi yaitali umakhala ngati wasiya kudzikonza, ndiye cholinga cha mafundewa ndi kuuputa dala kuti thupi liyambirenso ntchito pamalopo. Ukamwa mankhwala oziziritsa kutupa, ukulimbana ndi zomwezo zimene wapitira. Nkhani yofunika chonchi inayenera kunenedwa ndisanagone n'komwe pabedi paja. Komanso kapepala kamene kanali pamalo olandirira alendo kankalonjeza kuti ululu umatha pa maulendo atatu. Mawu amenewo anandipweteketsa mtima, chifukwa ulendo wachitatu utadutsa popanda kusintha ndinaganiza kuti ine ndiye wosachiritsika. Dokotala mwiniwake sanalonjeze zotere. Iye anati kusintha kwenikweni kumatha kutenga milungu 12. Ngakhale bungwe la NICE, lopereka malangizo a zachipatala ku Britain, pounika njirayi pa mtsempha wa Achilles, linati palibe chiopsezo chachikulu koma umboni woti imathandiza sugwirizana bwinobwino. Wodwala aziuzidwa zimenezi poyera kuti asankhe akudziwa.

Ndinapita kasanu, kamodzi pa mlungu. Koma ntchito yaikulu inali kunyumba. Anandipatsa mafizo amene dokotala wa ku Sweden, Håkan Alfredson, anawatchukitsa mu 1998: umaima ndi nsonga za mapazi m'mphepete mwa sitepe, n'kukwera ndi mwendo wabwino, kenako n'kutsitsa chidendene chodwalacho pang'onopang'ono mpaka chitapitirira sitepeyo. Ka 15, maulendo atatu bondo lili lowongoka, enanso atatu bondo litapindika, m'mawa ndi madzulo. Zonse pamodzi ndi ka 180 pa tsiku, kwa milungu 12. N'zotopetsa, ndipo masiku ena ndinkangoyang'ana sitepe ija mtima osafuna. Ndikukhulupirira kuti makina aja anachepetsa ululu mokwanira kuti ndithe kuchita mafizowa, omwe poyamba ndinkawasiyira panjira. Munthu amene akufuna kungogona pabedi mphindi zisanu n'kumapita osachita china chilichonse, sindingamulimbikitse.

Kusintha kunabwera mwakachetechete, cha m'mlungu wachisanu ndi chitatu. Tsiku lina ndinadzuka, kupita kukasamba, kuvala, ndipo ndili mkati momanga zingwe za nsapato m'pamene ndinazindikira kuti sindinatsimphine. Ndinakhala kaye pansi n'kutsina mtsempha uja kuti nditsimikize. Unapweteka, koma pang'ono chabe.

Musanayambe chithandizochi, auzeni adokotala zonse za thupi lanu. Ine anandifunsa ngati ndimamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, ngati ndinabayidwapo jakisoni wa steroid pamalopo m'milungu yapitayo, komanso ngati pali bala kapena chotupa cha khansa pafupi. Amayi oyembekezera sapatsidwa chithandizochi. Amachigwiritsanso ntchito pa chigongono, pa mtsempha wa pansi pa bondo ndi pa phewa, ndipo mayi wina amene tinkadikira limodzi ankabwera chifukwa cha phewa limene linkamukanika kukweza.

Panopa ndikuthamanga makilomita 5 katatu pa mlungu, pamalo athyathyathya. Zitunda ndikuzipewabe, chifukwa ndikakwera, m'mawa mwake mtsempha umaumanso. Kachotupa kaja kachepa koma sikanathe. Mwezi wamawa ndibwererako kuti akaone ngati ndingayambe kuwonjezera mtunda, ndipo ndawapempha kale a pachipatalapo kuti akonze mawu a pa kapepala kaja ndi kulembapo za mankhwala oletsa kutupa.