Jakisoni, opaleshoni kapena kadyedwe: mukasiya, thupi lidzatani?

Anthu akamafunsa za njira zochepetsera thupi, ambiri amangofuna kudziwa imene imatsitsa makilogalamu msanga. Koma kunenepa kwambiri, kumene madokotala amakuwerengera BMI (nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake) ikafika 30, ndi matenda amgonagona ngati shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Munthu akachepa, thupi limalimbana kuti libwerere pomwe linali: njala imakula ndipo thupi limagwiritsa ntchito mphamvu zochepa kusiyana ndi kale. Njira iliyonse tiiyeze ndi mmene munthu adzakhalire pakatha zaka zisanu.

Kusintha kadyedwe ndi kulimbitsa thupi ndiwo maziko. Ambiri amatsika ndi 5 mpaka 10 peresenti ya kulemera kwawo, ndipo musazipeputse. Pa kafukufuku wa Diabetes Prevention Program ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anthu amene anali ndi cholinga chotsika ndi 7 peresenti ndi kuchita masewera mphindi 150 pa mlungu anachepetsa chiopsezo cha shuga ndi 58 peresenti. Vuto lake n'lakuti ambiri amabwezera gawo lina la kulemerako m'zaka zotsatira, makamaka amene ananenepa kwambiri.

Mapiritsi a orlistat, amene amamwedwa 120 mg katatu patsiku pa chakudya, amatsekereza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mafuta kuti asalowe m'thupi. Phindu lake ndi makilogalamu ochepa chabe, ndipo munthu akadya zonona amatsekula m'mimba chimbudzi chamafuta. Ine sindingawaike patsogolo.

Majakisoni ndiwo akuchititsa chidwi masiku ano, ndipo amagwiradi ntchito. Semaglutide, amene amagulitsidwa ngati Wegovy, amabayidwa kamodzi pa mlungu. Amayambira pa 0.25 mg, n'kumakwera milungu inayi iliyonse kudzera pa 0.5, 1 ndi 1.7 mpaka kufika 2.4 mg. Wothamangira mlingo waukulu ndi amene amavutika kwambiri ndi nseru, kusanza ndi kudzimbidwa. Pa kafukufuku wa STEP 1 wa mu 2021, anthu anatsika pafupifupi 15 peresenti m'milungu 68. Tirzepatide, wodziwika ngati Mounjaro kapena Zepbound, anaposa apa: pa mlingo wa 15 mg anthu anatsika pafupifupi 21 peresenti m'milungu 72. Semaglutide anasonyezanso mu 2023 kuti amachepetsa ndi 20 peresenti chiopsezo cha mavuto aakulu a mtima ndi sitiroko kwa amene ali kale ndi matenda a mtima.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ambiri amawagulitsa ngati mankhwala a miyezi itatu kapena sikisi, munthu n'kumaganiza kuti akafika pa sikelo imene akufuna wamaliza. Ofufuza a STEP 1 omwewo anatsatira anthu amene anasiya jakisoni, ndipo patatha chaka chimodzi anali atabwezera pafupifupi magawo awiri mwa atatu a zimene anataya. Shuga ndi kuthamanga kwa magazi, zimene zinali zitatsika, zinayambanso kukwera. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: mankhwalawa amapondereza njala ndi kuchedwetsa chakudya m'chifu pa nthawi imene ali m'thupi basi. Akatha, njala imabwerera ili ndi mphamvu zake zonse. Ndiye mtengo wake weniweni si wa jakisoni mmodzi, koma wa mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri. Amene sangakwanitse kupitiriza akhale pansi ndi dokotala asanabaye jakisoni woyamba.

Pali zinanso zimene ogulitsa sazitchula. Pamodzi ndi mafuta, minofu imapitanso, choncho muyenera kudya zomanga thupi zokwanira ndi kuchita masewera onyamula zolemera, apo ayi mukadzabwezera mudzabwezera makamaka mafuta. Miyala ya mu ndulu imachitika, ndipo mwa apo ndi apo kapamba amatupa. Kupweteka koopsa pamwamba pa mimba n'chifukwa chothamangira kuchipatala. Mayi amene akufuna kutenga pathupi asiye semaglutide kudakali miyezi iwiri kapena kuposa kuti ayambe kuyesa kutenga pathupipo, ndipo tirzepatide amatha kufooketsa mapiritsi olera poyambira komanso mlingo ukakwezedwa. Mu 2024 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linachenjeza za semaglutide wachinyengo amene anapezeka m'mayiko angapo, choncho jakisoni wogulidwa pa intaneti popanda kalata ya dokotala musamukhulupirire.

Opaleshoni imaopsa ambiri, komabe pa kukhalitsa ndiyo imapambana zonse. Pa sleeve gastrectomy amachotsa pafupifupi 80 peresenti ya chifu, pamene pa gastric bypass amapanga kathumba kakang'ono n'kukalumikiza ndi matumbo. Ambiri amatsika ndi kotala ya kulemera kwawo kapena kuposa, ndipo gawo lalikulu silibwerera ngakhale patapita zaka khumi. Malangizo a mu 2022 a mabungwe a madokotala a opaleshoni yochepetsa thupi amalola opaleshoniyi kuyambira BMI ya 35, kapena 30 ngati munthu ali ndi shuga. Nayonso ili ndi ngongole ya moyo wonse: vitamini B12, ayironi, kashiamu ndi vitamini D tsiku lililonse kapena monga dokotala walamulira, kuyezetsa magazi chaka ndi chaka, ndiponso chilungulira chimene chimavutitsa ena a sleeve.

Kwa munthu wa BMI yoposa 35 amene ali ndi shuga, ine ndimakondera opaleshoni. Kwa amene ali pakati pa 30 ndi 35 ndipo ali ndi njira yotsimikizika yopezera mankhwala kwa zaka, tirzepatide kapena semaglutide ndi abwino. Amene alibe chitsimikizo chimenecho ayambe ndi kadyedwe ndi masewera motsogozedwa ndi achipatala, alimbikire kusunga 5 mpaka 10 peresenti imene wataya, ndipo aziyezetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi chaka chilichonse.